Bamayi Anditcha Tisa Pamaso pa Badokota

Mwaswera bwanji nonse.

Tangobwera kumene kuchipatala ndi bamayi. Paja mwezi watha anawaika valavu yatsopano ya mtima, yolowetsera pamtsempha wa pantchafu osang'amba chifuwa. M'mawa uno powasambitsa ndapeza pamene anaboola paja patupa ngati bango, pada bii. Ndathamanga nawo kuchoka kwathu ku Malota ndili ndi patapata mwendo umodzi.

Badokota ati magazi amatayikira mkati, tikanachedwa zikanavuta. Kenaka afunsa kuti, "Waona msanga chonchi ndani?"

Bamayi andigwira dzanja n'kunena kuti, "Ni mwana wanga Tisa uyu."

Tisa! Mng'ono wanga wa ku Lusaka, amene ntchito yake ndi kutumiza timitima pafoni pagulu pano! Ine Beatrice ndakhala nawo kuyambira zaka za m'ma 90 batate atamwalira, mpaka ntchito ya ku loji ndinasiya.

Badokota akuti kasitiroko kamene kanabwera ndi opaleshoni kamasokoneza mayina. Chabwino. Nanga bwanji sikanasokonezepo n'kumutcha Tisa kuti Beatrice? Dzulo pafoni anamutchula bwinobwino.

Valavu anasintha, koma mtima ndi womwe uja. Kapena ndikunama, abale?