Lole yomwe sinaime pa Ntcheu

Njala ya 2002 inatipeza tili ku Gaborone, tikudya nyama tsiku ndi tsiku. Bungwe lathu la Amalawi linagwirizana zotumiza ufa ndi nyemba kumudzi, ndipo mipingo ya Atswana inasonkha nawo. Ine ndinali wofalitsa nkhani za bungwelo.

Amene anathamanga kuposa tonse anali mayi wina wa ku Ntcheu, telala wosokera pakhonde la sitolo ku Main Mall. Ankadziwa kumene alonda ndi antchito a m'nyumba ankagona, ndipo Lamulungu lililonse ankawayendera kukatolera timapaketi ta ufa. Pempho lake linali limodzi: lole ikamadutsa pa Ntcheu, itsitseko matumba angapo pamudzi pawo, m'mphepete mwa msewu, pomwe anasiya mayi ake ndi ana.

"Achimwene, mukandinenere," anandiuza. "Chizungu chanucho amachimvera."

"Mukanene nokha, mayi."

"Ine? Ndi mapepala ati? Mukufuna ndikagone kupolisi?"

Sankanama. Msonkhano wogawa katundu unali woti uchitikire ku Phakalane, kunyumba kwa dokotala wina, ndipo tinaitanako akuluakulu a boma la Botswana kuti adzaone ubale wa mayiko awiriwa. Tinali titamvana mwakachetechete kuti opanda chilolezo chokhalira m'dzikomo asabwere, angatichititse manyazi. Ndinamulonjeza kuti ndikanena.

Pamsonkhanopo wapampando anati katundu yense akaperekedwe ku Lilongwe pamwambo, chifukwa kutsitsa panjira n'kukondera. Alendo anawomba m'manja. Wapampando anafunsa ngati panali wotsutsa. Ine ndinali n'kamera m'manja, ndikufunafuna poima kuti mbendera zonse ziwiri zioneke. Sindinakweze mkono.

Mayiyo sindinamuuze. Ndinayamba kuzungulira kuseri kwa banki popita kuntchito, kupewa khonde lomwe ankasokerapo.

Patapita milungu ingapo tinakumana maso ndi maso pamalo okwerera basi.

"Dumela, rra," anatero, ngati akulonjera Mtswana wachilendo.

"Mayi, zinavuta..."

"Ndamva. Ndinali nditawatumizira uthenga kuti azidikira pamsewu. Adikira ndi malichero, mudzi wonse. Akuti inali lole yokongola, ndipo dalaivala anawaimbira hutala."

"Nanga kunyumba ali bwanji?"

"Amayi asasula malata, asinthitsa ndi gaga. Ana akugona kwa aneba, mvula ikugwa."

Basi yake inafika. Ndinati ndimunyamulireko thumba la nsalu, koma analisenza yekha.