Kukafuna Mpando wa Amayi ku Furancungo

Ndinanyamuka ku Ntengo-Wambalame m'mawa wa Lachiwiri, nditavala jekete la kutchalitchi ngati wokafunsira mkazi. Amayi anali atatha zaka zitatu osaponda kumunda kwawo kuno kwathu, komwe ndimawalimira ine, miyendo itafa. Mpando wamatayala anawalembera kale ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, kumene ankakhala asanabwere kwa ine, ndiye ndinati ndikautenga ndekha.

Shapa, minibasi ya ku Ulongue, inadya metikali semu, ndiye kuti 100. Tinapanikizana ndi matumba a mbatatesi, ine n'kuuza aliyense nkhani yanga ngakhale osandifunsa.

"Achimwene, mwaimba kaye foni?" anafunsa mayi wina wogulitsa nyemba.

"Aa! Boma amaliimbira foni? Boma amaliyendera!" Shapa yonse inaseka, ine n'kumadziona wanzeru.

Pa Ulongue ndinadya pau, buledi uja, ndi tiyi, kenako shapa ina ya duzentu, metikali 200. Msewu wa ku Furancungo, abale, mano anga akuukumbukirabe. Ndinafika dzuwa litapendeka, jekete lili psuu ndi fumbi.

Mu ofesi yothandiza okalamba ndi olumala munali mtsikana wa magalasi. Anafufuza dzina la amayi, kenako anandiyang'ana mwachisoni, koma milomo ikunjenjemera ndi chiseko.

"Bambo, zinthu zinasintha. Masiku ano munthu akasamuka, mapepala amamutsatira, ndipo thandizo amalandirira pa positu, ofesi ya boma ya komwe akukhala. Mpandowo tinautumiza mwezi watha."

"Kuti?"

"Ku Ntengo-Wambalame."

Mayo ine! Positu yake ndi ija ndimaidutsa popita kuchigayo. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, mlonda n'kubwera kudzaona ngati ndadwala. Manyazi analipo, koma chimwemwe chinawaposa kutali.

Ndinagona kwa msuweni, Lachitatu masana ndinali pa positu pathu. Mpando uli pakona, pulasitiki osachotsa. Bambo wa pamenepo anati anatumiza uthenga kawiri, koma wotumidwayo ankafuna amayi pa dzina la pamapepala, lomwe m'mudzi palibe amalidziwa. Apa ndiye pofunika kukonzabe.

Ndinaukankha ndikuthamanga, wopanda munthu, anthu akukuwa kuti ndapenga. Amayi atakhalamo sanafune za moni.

"Kumunda," anatero.

Titafika anayang'ana munda wonse, misozi ikutsika. Ine mtima unali m'mwamba, ndikudikira zikomo. Kenako analoza ndi chala.

"Iwe, mizere yokhota chonchi walima ndani m'munda mwanga?"