Dzina la Mzungu wa Ndevu Zamoto

Kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito ku South Bend, ku America, kunali mkulu wina wachizungu amene sankatopa ndi nkhani ya makolo ake. Ukamusambitsa, nkhani ndi Ireland. Ukamupatsa mankhwala, Ireland yemweyo. Tsiku lina ndikumumanga mabatani a malaya, anandionetsa pa tabuleti yake, kakompyuta kam'manja kaja, tsamba la m'kaundula wakale wa apolisi a kumeneko, a nthawi imene Angelezi ankalamulira dzikolo. Agogo ake anali pamenepo: dzina, kutalika kwawo, boma lomwe anabadwira, mpingo, ngakhale munthu amene anawachitira umboni polowa ntchito. Kudzera m'dzinalo anapezanso abale ake, ndipo iwo anamutumizira chithunzi. Mkuluyo ankalira ndi chimwemwe. Ine nsanje inandigwira, moti batani lina ndinalilowetsa pabowo lolakwika.

Ndinamuuza kuti nanenso agogo anga aamuna anali wapolisi wa ku Ireland. Anayamba wandiyang'ana khungu, kenako nkhope. Sindinkanama. Amayi anga anali oyera, tsitsi lawo linali lofewa, ndipo ali mwana ku Zomba anzawo ankawanyoza kuti mkaladi. Bambo awo akuti anayamba upolisi kwawo ku Ireland ali mnyamata, gulu lawolo litathetsedwa anadzakhala mkulu wa apolisi a atsamunda kwathu. Anabwerera kwawo amayi ali m'mimba.

"Dzina lake?" anafunsa mkuluyo m'Chingelezi, chala chili kale pa tabuleti.

Ndinati anthu ankamutcha mzungu wa ndevu zamoto. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinapsa mtima. Kwathu mzungu aliyense ankapatsidwa dzina ndi anthu, lake lenileni n'kutsalira ku ofesi. Komanso kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ndi tambala chabe, anapiye amatsata thadzi. Ndani akanavutika kusunga dzina la tambala wodutsa?

Nthawi imeneyo amayi ankakhala kwa achimwene ku Lawrence, mbali ya Indianapolis. Anabwera kudzalandira chithandizo, koma madokotala anali atayamba kale kulankhula mozungulira. Moyo wawo wonse amayi sanatipemphepo kanthu, kupatula ichi chimodzi, chomwe anayamba kuchibwereza atadwala: ankafuna kuona nkhope ya bambo awo asanatsikire kuli chete. "Ndingoona kuti mphunoyi ndinaitenga kuti," ankatero.

Loweruka lina ndinayendetsa galimoto kupita kumeneko, chimanga chouma mbali zonse za msewu. Ndinawapeza atakhala pawindo, atafunda chitenje pamwamba pa juzi.

"Amayi, dzina lenileni la bambo anu simunalimveko?"

"Ndinalimva. Mayi anandinong'oneza tsiku la chinkhoswe changa, kuseri kwa nyumba."

"Ndiye ndani?"

"Iwe, mwana amatchula dzina la bambo ake? Ndinalisunga mumtima. Sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ako."

Ndinawagwadira. Ndinati lero lokha alitchule, kapena alilembe ngati pakamwa pakuchita manyazi. Anavomera. Anatseka maso, milomo ikugwedera. Ndinadikira ndi cholembera m'manja mpaka tiyi wawo anazizira. Atatsegula maso munali misozi.

"Lathawa," anatero.

Ndinatuluka, n'kukadzitsekera m'galimoto, n'kukuwa ndekha ngati wamisala. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira agogo aakazi amene ananong'ona m'malo monena mokweza, ndinakwiyira ulemu wathuwu. Munthuyo anathawa mwana asanamuone, koma mwanayo anamulemekeza moyo wake wonse mpaka dzina kufera m'kamwa. Dzina lachilendo, lomveka kamodzi kokha, losatchulidwa kuyambira pa utsikana mpaka imvi, likanakhala bwanji?

Mkulu wa ku South Bend uja atamva sanasekenso. Anati tiyese njira ina. Pa nthawi yanga yopuma tinkakhala limodzi, iye akusankha m'kaundula anyamata amene analowa upolisi chakumapeto, gululo lisanathetsedwe. Koma masambawo amanena kumene munthu anachokera, osati kumene anakathera, ndipo za ndevu salemba. Mayina anachuluka ngati nyemba. Ndinawasindikiza onse. Maganizo anga anali akuti dzina lothawa likamveka m'khutu, mwina lidzabwerera kwa mwini wake.

Achimwene ataona mulu wa mapepalawo anapukusa mutu. "Sisi, mungowakonfyuza amayi. Adokotala anati aziresita."

"Inu mwasecha chiyani chibwerereni kuno?" ndinawabweza. Anangotenga makiyi n'kupita kuntchito.

Ndinakhala m'mbali mwa bedi, chifukwa pawindo paja amayi sankathanso kufikapo. Ndinayamba kuwerenga. Mayina ake ovuta, lilime langa likupunthwa, ndipo sindinkadziwa ngati ndikuwatchula mmene eni ake ankawatchulira. Nanga agogo aakazi, amene sanapiteko kusukulu, analitchula bwanji kuseri kwa nyumba kuja? Mwina chimene amayi anamva sichinkafanana n'komwe ndi chimene chinalembedwa. Ndinapitiriza. Ndikatchula dzina ndinkawayang'ana kumaso. Pena ankakweza nsidze, ine n'kubwereza msangamsanga, iwo n'kuti, "Ayi, pitiriza." Pena ankasinza, ine n'kumawerengabe.

Tili chapakati anandigwira dzanja. Ndinayesa talipeza.

"Mwanawe, siya," anatero. "Ukutchula akuluakulu ngati ndi anzako osewera nawo. Amenewa ndi makolo a anthu."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Ndinati kwatsala masamba ochepa. Anati atopa, tidzamalize tsiku lina. Ndinawakonzera pilo, n'kuika mapepalawo pansi pa bedi.

Tsiku linalo silinabwere. Mlungu wotsatira amayi anasiya kulankhula, ndipo chipale chofewa choyamba chisanagwe tinali tikukonza zotumiza thupi lawo ku Zomba. Mkulu uja ndinamuuza nditabwerera kuntchito. Anandigwira phewa, n'kunena kuti ndisataye mtima, masamba ena amaikidwa pa intaneti chaka ndi chaka. Ndinamuthokoza. Sanamvetse kuti ngakhale ataika onse, woti anene kuti "ndi ameneyu" palibenso.

Masamba otsalawo sindinawawerenge. Amene amandivuta ndi amene ndinawerenga kale. Mwina masana amenewo ndinawatchula agogo anga ndi pakamwa pangapa, mwana wawo ali chigonere pafupi nane akumvetsera, ndipo iye anati, "Ayi, pitiriza."