Keke Imene Sinafike pa Tebulo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene achemwali anga a Luzia anakwatiwa. Inali nthawi ya nkhondo. Tinkakhala ku Namacula, m'nyumba ya zidina zosaotcha, ndipo m'tauni monse munalibe shuga, sopo kapena mafuta ophikira. Sitima inkabwera ikafuna. Anthu ankaima pamzere asanadziwe chimene chafika m'sitolo.

Bambo anga anali wophika. Tauni ino ikadatchedwa Vila Cabral, nthawi ya Apwitikizi, anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya Mpwitikizi wina. Mkazi wa bwanayo, amene bambo ankangomutchula kuti senyora, ndiye anawaphunzitsa kuphika keke ya ukwati, imene azunguwo amati bolu. Ana ambiri a azungu anakwatirana pa keke ya bambo. Bambo ankaiphika, kuinyamula mpaka pakhomo la holo, n'kuima panja podikira mbale zoti atsuke. Azungu akuchoka, senyora anawasiyira zitini zitatu zophikiramo, chachikulu, chapakati ndi chaching'ono. Zinkakhala kunsi kwa bedi, zokulunga m'chiguduli. Ana sitinkaloledwa kuzikhudza.

Amene anafunsira achemwali anali a Saidi, Msilamu wa kunyanja, ku Meponda, amene ankabweretsa nsomba zouma mumsika. Ife ndife Akhristu. Bambo sanakondwe. Patapita masiku anavomera. Mabanja awiriwo anagwirizana kuti ukwati ukalembetsedwa ku rejisto, ofesi yolembetsa maukwati, monga boma linkafunira masiku amenewo, shehe adzapempherera kunyumba kwa amalume a mkwati ku Chiuaula, ndipo phwando lidzakhala komweko. Kutchalitchi kunalibe kupita. Achemwali anali oti atsatira chipembedzo cha mwamuna wawo.

"Zonse mwatenga," bambo anauza akuchimuna tsiku lokambirana. "Ine mundisiyire chimodzi. Mwana wanga adzadula keke. Adzadyetsa mwamuna wake, mwamuna wake adzamudyetsa. Ndiphika ndine."

Amalume a mkwatiwo, Che Yusufu, anali munthu wamtali, wa ndevu zoyera. Anaseka pang'ono.

"Keke m'njala muno, achimwene? Muiphika ndi mchenga?"

"Zimenezo ndi zanga."

"Chabwino. Koma za ife mukuzidziwa."

"Ndikuzidziwa. Vinyo sindithira. Nkhumba siyandikira."

Anagwirana chanza.

Kusonkhanitsa zinthu kunatenga miyezi. Tirigu tinakatenga ku Lione, kwa msuweni wa amayi, ine ndi bambo, wapansi. Msewu unali woopsa. Tinkadzera m'tchire, ndipo tikamva phokoso tinkagona mu udzu mpaka litatha. Tinabwerako ndi kathumba kamodzi. Amayi anasinja, anapera pamphero, anasefa ndi kansalu mpaka ufa unayera. Shuga anapezeka pa kandonga, malonda amseri aja, posinthanitsa ndi wailesi ya bambo. Mazira anansi ankabweretsa limodzilimodzi ukwati utayandikira.

Mafuta ndiwo anavuta. Senyora ankathira batala, koma batala tinali titaiwala ndi maonekedwe ake omwe. Pa alumali, kabati wathu wa ziwiya, panali kachitini ka banya, mafuta a nkhumba amene tinkakazingira mbatatesi, koma bambo anati amenewo ayi. Ndiye amayi anakazinga mtedza, kusinja, kuwiritsa, n'kumayengula mafuta ndi supuni mpaka anadzaza kapu. Manja awo anatuluka matuza.

Achemwali ankakonda kuvundukula dengu la zinthuzo n'kumangoyang'ana. Diresi lawo linali lobwereka, nsapato zobwereka. Chawochawo chinali keke. Atsikana onse a mu bairo, dera lathulo, anali atamva kale kuti pa ukwati wa Luzia padzakhala keke yosanjikiza patatu, ngati ya azungu.

Tinaphika m'mawa, ukwati uli mawa lake. Kunkazizira, nkhungu ili pansi. Bambo anali ataumba ng'anjo ya dothi kuseri kwa nyumba, ndipo anaikoleza kukadali chisisira. Ntchito yanga inali kumenya mazira ndi foloko mpaka mkono unauma. Tsiku limenelo bambo anali munthu wina. Anavala epuloni yawo yakale. Ankaimba chapansipansi, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo, ndipo ankadziyankhulira okha m'Chipwitikizi. Sankayeza kanthu. Manja ankangoyenda okha.

Ndinawaona akutambasula dzanja pa alumali osayang'anako, kupisa zala m'kachitini kaja, n'kupaka m'kati mwa zitini zonse zitatu, pansi ndi m'mbali. Anawaza ufa, anathira phala la keke, analowetsa mu ng'anjo n'kutseka ndi lata. Zinachitika mofulumira. Ndinaganiza kuti mwina pali chimene akudziwa chimene ine sindikudziwa. Fungo litayamba kutuluka, ndinafunsa.

"Bambo, kupaka chitini ndi banya kulibe kanthu?"

Nyimbo inaduka. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana zala zawo. Anazinunkhiza. Anakhala pansi pa mtondo umene unali chogona pafupi ndi ng'anjo.

"Senyora ankati chitini upake banya," anatero patapita nthawi. "Zaka zonse zija. Manja awa."

Kutulutsa kunalibe phindu. Anazisiya zipse. Zinatuluka zofufuma bwino, zofiirira, zosapserera paliponse. Amayi ndi achemwali anabwera akuthamanga atamva fungo, ndipo bambo anawauza pomwepo.

"Abambo a Luzia, ndi kunja kokha," amayi anatero. "Tipale ndi mpeni, tikute ndi shuga. Adziwe ndani?"

"Mafuta akatentha amalowa."

"Kadontho kameneko? Manja angawa mwawaona? Ufa wina muupeza kuti pofika mawa?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwenso pakamwa pako. Anakufunsa ndani?"

Achemwali anagwada patsogolo pa bambo. "Bambo, chonde. A Saidi sadzadziwa. Munthu sachimwa pa chinthu chimene sakudziwa. Asilamu eni ake amanena choncho."

"Iye sadzadziwa. Iwe udzadziwa. Udzamuika m'kamwa ndi dzanja lako, tsiku loyamba, ukudziwa."

"Ndisenza ndine zimenezo."

"Analonjeza ndine."

Anavula epuloni, anasamba m'manja ndi phulusa, anavala jekete. "Waona ndiwe," anandiuza. "Tiye."

Tinayenda mpaka ku Chiuaula. Tinapeza azimayi akupeta mpunga, mbuzi itamangidwa pamtengo wa pichesi. Che Yusufu anali pamkeka pakhonde. Anatilonjera, anaitanitsa tiyi, koma bambo anati tiyi adikire. Anafotokoza mwachidule, osadzikhululukira. Che Yusufu anamvetsera akusisita ndevu, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwana, unaona ndi maso ako?"

"Ndinaona."

"Zitini zonse?"

"Zonse."

Kuseri kunkamveka kupeta ndi kuseka kwa azimayi.

"Tikanadya, achimwene," anatero. "Tonse tikanadya, shehe yemwe, n'kukuthokozani."

"Ndikudziwa."

"Tsono sitingadye. Saidi sangadye. Koma mwavutika nayo. Bweretsani, muike patebulo, anthu anu adye. Palibe wa kwathu amene adandaule. Ndiwauza ndine."

Ndinaona kuti njira yapezeka. Koma bambo anapukusa mutu.

"Ayi. Keke ya ukwati si ya mbali imodzi. Ine ndaimapo panja ena akudya keke yanga. Sindingaimike munthu pa ukwati wa mwana wanga, makamaka mkwati."

"Mtsikanayo alira."

"Walira kale."

Che Yusufu sanawakakamize. Anatiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene munthu wamkulu ngati iye sankachita kawirikawiri.

Ukwati unachitika. Kunali mpunga, nyama ya mbuzi ndi tiyi wopanda shuga. Pakati pa bwalo panali katebulo kamene akuchimuna anayalapo nsalu yoyera kalekale, ndipo palibe anakumbukira kukachotsa. Kanakhala pomwepo tsiku lonse, kopanda kanthu. Che Yusufu sanalengeze chifukwa, posafuna kuchititsa bambo manyazi. Bambo nawonso sanafotokozere munthu. Ndiye anthu anadzipangira zifukwa zawo.

"Luzia, keke ija ili kuti?" ndinamva mtsikana wina akufunsa. "Kapena ikubwera pa sitima?"

Anzake anaseka m'manja. Bambo wina wa kwathu, atakhuta, ananena mokweza kuti anthu amene anagwirapo kwa azungu amakonda kudzitama. Bambo anamva. Anapitiriza kudya mpunga wawo. Achemwali sanadzutse mutu tsiku lonselo, ndipo anthu ankati ndi manyazi a mkwatibwi.

M'mawa mwake achemwali ananyamuka pa lole ya nsomba kupita kunyanja. Anakumbatira amayi, ine anandigwira pamutu. Kwa bambo anagwada monga mwa mwambo, anapereka dzanja akuyang'ana kumbali.

"Tsalani," anatero. Mawu anali omwewo.

Keke inali m'dengu, yovundikira ndi nsalu. Masana bambo anaitulutsa, anaidula tizidutswa, n'kundituma kukaitana ana a Akhristu anzathu, kuyambira nyumba zimene zinapereka mazira. Ana anabwera ambiri. Ena anali asanalawepo shuga chibadwire. Bambo ankagawa okha, koma sanaike m'kamwa ngakhale kanyenyeswa. Amayi anakana, analowa m'nyumba. Ine ndinadya. Inali keke yanga yoyamba, ndipo inali yokoma, sindinama. Ndinakadyera kuseri kwa ng'anjo kuti amayi asandione.

Bambo anati adzaphika ina mwana woyamba akadzabadwa, ndipo adzainyamula okha mpaka ku Meponda. Koma chaka chotsatira nkhondo inafika ku Lione. Msuweni wa amayi anatulukira pakhomo pathu ndi ana ake, alibe ngakhale bulangete. Minda anaisiya ikuyaka. Tirigu sanaonekenso. Msewu wa kunyanja unaipa, magalimoto ankayenda pokhapokha asilikali akawaperekeza, ndipo nkhani zinkabwera pakamwa pa ogulitsa nsomba. Tinamva kuti achemwali ali ndi mwana wamwamuna. Moni ankatumiza kwa amayi ndi kwa ine. Bambo ankamva moniwo ali pompo.

Bambo anadwala chifuwa m'nyengo yozizira. Kuchipatala kunalibe mankhwala. Anamwalira asanamuone mdzukulu wawo.

Achemwali anafika titaika kale maliro, mwana kumsana, mpango kumutu. Anabwera ndi apongozi awo aakazi, ndipo Che Yusufu anawaperekeza kuchokera ku Chiuaula. Atalira, atakhala pansi, amayi anayamba kuda nkhawa ndi chakudya. Anagwada patali n'kuuza Che Yusufu kuti atuma mwana akabwereke miphika kwa Asilamu a pafupi, ndipo wina wa kwawo aphike.

"Musavutike, mayi," anatero Che Yusufu. "Pakhomo pano sitifunsa. Phikani."

Amayi anaphika nyemba ndi mbatatesi mumphika wathu wa masiku onse. Che Yusufu anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, anadya. Apongozi aja nawonso anadya. Achemwali ankangowayang'ana.

Dzuwa likupendeka achemwali anandipeza ndikuwaza nkhuni.

"Amalume aja sadya kwa Mkhristu," anatero. "Ngakhale madzi amayamba afunsa za kapu. Lero n'koyamba kuwaona."

Ndinatola chikuni china.

"Bambo ankanena za ine?"

"Ankafunsa anthu ngati kwinakwake kukupezeka tirigu."

Anakhala pansi pa chipika, mwana ali kumsana, nalira mosatulutsa mawu. Ndinapitiriza kuwaza nkhuni. Sindinadziwe china chochita.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene bambo analili. Maukwati ndimapita, a kutchalitchi ndi a kwa ana a achemwali omwe. Makeke a masiku ano ndi aatali, ena m'kati muli makatoni, anthu amajambula ndi mafoni. Sindiwanena. Ikafika nthawi yodyetsana, ine sindiyang'ana keke. Ndimayang'ana amene watsegula pakamwa. Safunsa kuti muli chiyani. Sanunkhiza. Amalandira chifukwa cha dzanja limene likumupatsa. Kwa ine mwambo wonse uli pamenepo, ndipo ndi chimene bambo anakana kuipitsa. Ndili mwana ndinkaona ngati anamulanda mwana wawo tsiku lake. Lero ndikuona kuti anamutumiza ku banja la eni ndi dzanja loyera, ndipo m'banjamo anakhalamo mwaulemu mpaka ukalamba.

Koma sindinganene kuti zonse zinatha bwino. Bambo anachita chilungamo, ndipo anapita kumanda mwana wawo asanawayang'anenso kumaso.