Ndowa ya Malume pa Puloti ya Achimwene

Malume anga amagwira ntchito ku khonsolo, mu ofesi yopereka zilolezo za madzi a mvula. Ndifotokoze bwino pamenepa, chifukwa anthu ambiri ndikawauza amaganiza kuti malume amalosera zanyengo. Ayi. Munthu akafuna kumanga chinyumba chachikulu, kapena kuthira konkire pabwalo lonse, amayenera kusonyeza papepala kumene madzi azipita akagwa padenga ndi pabwalopo. Malume ndiwo amaona mapepala amenewo. Agwira ntchitoyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Iwo amati ndi zisanu ndi ziwiri, koma ndinaona kalata yowalembera ntchito, ndiye ndalemba zimene ndinaona.

Kuntchito kwawo, ndi kulikonse kumene anthu akumanga, amawatchula kuti a Ndowa. Ali ndi ndowa yachitsulo, yopindika mbali imodzi, imene amaimangirira kumbuyo kwa njinga yawo yamoto. Akafika pamalo, sayamba ndi pulani. Amapempha madzi, kudzaza ndowa, kupita pamalo okwera kuposa ponse, n'kukhuthula. Kenako amawatsatira madziwo pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akuperekeza mlendo wolemekezeka.

Amayi, amene ndi mlongo wawo, amati khalidwe limeneli linayamba malume ali achinyamata. Akuti anasaina pulani ya sitolo ina ali khale pa desiki, ndipo mvula itabwera madzi a pa sitoloyo anagwetsa mpanda wa nyumba ya kumunsi, nkhuku za eni ake n'kufa. Malume amakana zoti kunafa nkhuku. Za mpandazo sakana. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti pa chithunzi cha tsiku limene ndinamaliza maphunziro anga malume palibepo. Anali kuseri kwa holo, akuyang'ana paipi yotsitsa madzi a padenga imene inkathira madzi pamaziko.

Tsopano ndinene za achimwene anga. Iwo ndi makaniko. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankakonza galimoto pamalo obwereka, kuseri kwa malo omwetsera mafuta, mpaka mwini malo anawauza kuti pofika kumapeto kwa mwezi akhale atachokapo. Mwayi wake anali ndi puloti yawo m'mbali mwa msewu. Anaganiza zothira konkire pabwalo lonse n'kuimika shedi ya malata, malo okwana galimoto zisanu ndi imodzi. Mmisiri anali atasalaza kale dothi n'kulitsendera, akungodikira chilolezo. Koma komiti yovomereza zilolezo imakhala kamodzi pa miyezi itatu, ndipo inkakhala Lachisanu la sabata imeneyo. Kuphonya Lachisanulo kunali kulowa m'dzinja opanda galaja, zitsulo zili m'chipinda chogona, makasitomala akupita kwina.

Mafomu anandipatsa ine, poti ndine "wophunzira wa pakhomo pano." Ndinalemba makope atatu ndi cholembera chakuda, mizere ndikuwongola ndi rula. Pa funso lakuti madzi azipita kuti, ndinayang'ana pulani imene wojambula mapulani anatipatsa. Mivi yonse inkaloza ku ngalande ya msewu. Ndinalemba momwemo, m'zilembo zazikulu, n'kuwerenga kawiri.

Lolemba m'mawa ndinalowa mu ofesi ya malume. Ndi kachipinda ka madesiki awiri, fani yosazungulira, ndi mafayilo omangidwa ndi zingwe ofika m'chiuno. Pa desiki yachiwiri panali mayi wina, ofesala mnzawo, akumwa tiyi. Ndowa inali pansi pa desiki ya malume, pafupi ndi mapazi awo.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Umalume ndausiya pa geti. Muno ndine ofesala. Khala pansi, mphwanga."

Anatambasula pulani ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitembenuza chadodolido, n'kuiyang'ananso.

"Mivi iyi ikuloza kuti?"

"Ku ngalande ya msewu. Ndalemba pa tsamba lachitatu."

"Ndaona, zilembo zako n'zokongola. Unayamba waimapo pa puloti imeneyi mvula ikugwa?"

"Ayi."

"Nanga wojambulayu?"

"Sindikudziwa, malume."

"Ine ndikudziwa," anatero, akuwerama kutenga ndowa.

Masana tinakumana pa puloti. Achimwene anabwera ndi ovolosi yawo ya mafuta okhaokha, akuseka, poganiza kuti nkhani yatha kale popeza wosaina ndi malume. Mmisiri analiponso. Kumunsi kwa puloti, kuseri kwa waya, kuli nyumba ya mayi wina wosoka zovala, amene makina ake amakhala pakhonde. Ndi kwa mayi ameneyu kumene malume anakapempha madzi.

Anapita pa ngodya yakumtunda n'kukhuthula. Madzi aja anazengereza pang'ono, kenako anaufulatira msewu. Anayenda modutsa pakati pa bwalo, malume ali pambuyo pawo manja kumbuyo, ife tili pambuyo pa malume ngati anthu opanda ntchito. Analowa pansi pa waya, n'kukaima pa sitepe ya mayi wosoka uja. Mayiyo anakweza mapazi pa makina.

"Bambo, madzi ndakupatsani kuti mundibwezere ndi matope?"

"Pepani mayi, abwera okha," anatero malume. Kenako anatembenukira kwa ife. "Msewu uli pamwamba, puloti ili pansi. Madzi sakwera chitunda, ngakhale muwalembere kalata makope atatu."

Ananena akuyang'ana ine. Ndinafuna kufotokoza kuti ine ndinangokopera, koma ndinaona kuti vuto lake ndi lomwelo.

"Pulani iyi ndinaiona chaka chatha," anapitiriza. "Ndi ya puloti ya tsidya lina la msewu uwu. Kumeneko malo ndi okwera, mivi inkanena zoona. Wojambula wanu wangofufuta nambala n'kulembapo yanu."

Achimwene anasiya kuseka. "Malume, ndowa imodzi ndi mvula imeneyo?"

"Ndowa imodzi yafika pakhomo pa mayi awa. Nanga denga lako ndi konkire yako zikasonkhanitsa ndowa zikwizikwi? Lero dothi likumwako. Konkire simwa."

Mmisiri anakhosomola. "Bwana, tikhoza kungoika paipi."

"Ipite kuti?"

"Kunja."

"Kunja kwa iwe ndi m'nyumba mwa mnzako."

"Lachisanu ndi mkucha uno, malume!" anakuwa achimwene, ngakhale kuti linali Lolemba. "Sainani, zinazo tikonza tikumanga."

"Anatero wa sitolo uja," anayankha malume, akumangirira ndowa pa njinga.

Achimwene anakadandaula kwa amayi, ndipo amayi anawaimbira foni malume ife tili pomwepo, atakweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Alongo, mwana wa mlongo wanu asowe pogwirira ntchito chifukwa cha ndowa? Chibale ndi fupa, sichiola."

"Chibale sichiola, koma mpanda umagwa."

"Mpanda umenewo mudzafa nawo? Papita zaka zingati?"

"Madzi saiwala khwawa, alongo."

"Inunso simuiwala nkhuku!"

"Kunalibe nkhuku," anatero malume, n'kudula foni.

Ndiyenera kulemba mwachilungamo, ngakhale kuti tsiku limenelo ndinali nditakwiya kwambiri. Lachiwiri m'mamawa malume anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, n'kufika pa puloti ndi chingwe, zikhomo ndi khasu. Sanapatse munthu moni. Anakhoma zikhomo motsata waya wakumunsi, kusonyeza podutsa kangalande. Pa ngodya yotsika kwambiri anajambula dzenje lalikulu loti lidzazidwe miyala, madzi azilowamo n'kumamira m'nthaka. Ndipo anadula mbali yonse ya kumunsiko ndi chingwe, n'kunena kuti kumeneko konkire isafikeko, kukhale timiyala ndi udzu basi.

Achimwene anayeza ndi mapazi. "Apa ndi poimika galimoto ziwiri!"

"Ziwiri ndi theka," anatero malume. "Theka ndakusiyira."

"Ndizikonza galimoto kapena ndizilima kapinga?"

"Kumba, nthawi ikutha."

Anakumba atatu, achimwene, mmisiri ndi malume amene anavula shati ya ku ofesi n'kuipachika pa waya. Achimwene ankakumba akung'ung'udza, fosholo iliyonse ndi dandaulo lake. Mayi wosoka ankawabweretsera madzi akumwa, n'kumati, "Awa muwamwe, musawathire pansi."

Ine ndinapita kwa wojambula mapulani. Ndinamufotokozera zonse mwaulemu, monga ndinakonzekera m'njira. Iye anamvetsera akutokosa m'mano.

"Mivi yokhayo? Aa, mlongo, imeneyo tingoitembenuza."

Ndine munthu wosazolowera kukweza mawu. Tsiku limenelo ndinakweza. Ndinamukweza minibasi, ine ndili pambali pake, mpaka anakaima pa puloti ndi nsapato zake zosongoka, n'kuyeza dzenje malume akumugwirira tepi ndi kumuwerengera manambala ngati mwana wa sukulu. Lachitatu lonse ndinalembanso mafomu, makope atatu, ndipo tsamba lachitatu ndinaliwerenga kanayi.

Mafayilo opita ku komiti amatsekera Lachinayi, nthawi ya hafu pasiti folo madzulo. Pulani yatsopano wojambula anandipatsa itakwana thu koloko. Ndinafika mu ofesi ya malume ndili wefuwefu. Iwo anawerenga tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mzere uliwonse. Anagwedeza mutu movomereza. Anatseka fayilo, n'kuikankhira kwa ine.

"Zili bwino kwambiri. Koma ine sindingasaine."

Ndinaganiza kuti sindinamve.

"Mwini puloti ndi mphwanga. Wolemba mafomu ndi mphwanga. Dzenje ndakumba nawo ndine. Lamulo la muno sililola munthu kusainira abale ake."

"Malume! Bwanji simunanene Lolemba?"

"Sunafunse. Komanso ndikananena, mukanapita kwa wina ndi mivi yanu yokwera chitunda."

Ndikalemba zimene zinabwera m'mutu mwanga panthawiyo, amayi sadzandikhululukira. Ndinangogwira m'mphepete mwa desiki.

"Ndiye asaine ndani?"

Analoza ndi chibwano desiki yachiwiri, kwa mayi wa tiyi uja. Mtima unakhalako pansi. Ndinati munthu wamkazi mnzanga, waona zonse sabata yonseyi, andimvera chisoni. Ndinamupatsa fayilo ndi manja awiri. Anawerenga mofulumira, n'kunena kuti, "Pepala lili bwino. Ndikaone kaye pamalopo." Anawerama pansi pa desiki yake, n'kutulutsa ndowa yapulasitiki yobiriwira.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero malume, nkhope ikuwala ngati kholo pa tsiku la mphotho.

Achimwene anadzatitenga pa galimoto ya kasitomala imene ankati akuiyesa mabuleki. Tinafika pa puloti itadutsa fili koloko. Mayi wosoka atangoona ndowa ina, anaimika makina.

"Kodi muli angati a ndowa inu? Mundiuziretu, ndikoke mpopi wina."

Ofesala uja anakhuthula pa ngodya yomwe ija. Madzi anadutsa bwalo, analowa m'kangalande, n'kuyamba kutsika motsata waya. Pakatikati anaima. Panali kachulu ka dothi kamene fosholo ya mmisiri inasiya. Achimwene ananyamula phazi kuti akapalase.

"Musakhudze," anatero ofesala.

Phazi linatsala m'mwamba. Madzi anasonkhana kuseri kwa kachuluko, akufufuma, mbali ina ikuyang'ana kwa mayi wosoka. Ine ndinkayang'ana wotchi. Malume ankayang'ana kumwamba ngati nkhaniyi sikuwakhudza. Kenako kachulu kaja kanasungunuka pakati, madzi n'kudutsa, n'kukamira m'miyala ya m'dzenje.

"Kachulu aka kachoke, ndipo ngalandeyi muiwake," anatero ofesala. Anasaina makope onse atatu atatsamira pa boneti. Fayilo inalowa kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo Lachisanu komiti inavomereza.

Galaja ya achimwene ikugwira ntchito. Imalowa galimoto zinayi, yachinayiyo ikhale yaing'ono. Kasitomala wachisanu akabwera, achimwene amamuuza kuti, "Malo kulibe, anadya a Ndowa." Ndi malume amalankhulana, koma mawu ake owerengeka.

Tsiku la mvula yoyamba ndinali ku galajako, nditabisala pansi pa shedi. Tinamva njinga yamoto. Malume anatsika atanyowa mpaka m'masokosi, n'kutidutsa osatiyang'ana, ulendo wa ku dzenje. Anaima kumeneko mphindi khumi. Kuseri kwa waya, mayi wosoka ankapalasa makina ake pakhonde louma. Ndinaganiza kuti mwina lero anena mawu amodzi oyamikira, kwa achimwene amene anataya malo, kapena kwa ine amene ndinalemba mafomu asanu ndi imodzi.

Anabwera akukunkumula madzi m'tsitsi.

"Masamba ayamba kutseka pakamwa pa ngalande. Uzichotsa," anauza achimwene. Kenako anandiyang'ana ine. "Ndamva ukufuna kusamuka, mphwanga. Nyumba imeneyo, madzi ake amapita kuti?"

Ndinasamuka mwezi watha. Amayi ndinawauza kumene nyumbayo ili, achimwene ndinawauza, ndipo onse awiri ndinawalumbiritsa kuti malume asamve.