Khadi Logunditsa la Akazi Anga

Akazi anga sadziwa kuwerenga. Ine ndimadziwa, ngakhale ndinaphunzira ndili kale ndi ana, ku sukulu ya kwacha imene inkachitikira pa tchalitchi chathu kuno ku Bangwe. Nthawi imeneyo ndinali mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe, ndipo kudziwa kulemba n'kumene kunandichotsa pageti n'kundipatsa njinga ya umesenjala. Iwonso ankafuna kulowa nawo sukuluyo. Anafika pogula kope ndi pensulo ndi ndalama zawo za zitumbuwa. Ndinawafunsa kuti ana azitsala ndi yani, nkhani n'kuthera pomwepo. Kope lija ndinalembamo ndine.

Chiyambire pamenepo, chilichonse chokhala ndi zilembo kapena manambala m'nyumba mwathu chinkadutsa m'manja mwanga. Za kuchipatala ndinkawawerengera ine. Pofunika kusaina ankadinda chala pamene ndawalozera ine. Tikamapita ku Limbe ndinkatsogola, iwo pambuyo ndi jumbo. Anthu ankati ndine bambo wosamala mkazi, ndipo sindinkawatsutsa.

Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku Lilongwe. Chaka chatha atabwera patchuthi anawatenga amayi ake kupita nawo kubanki, n'kuwatsegulira akaunti yawoyawo yoti azigulira mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi tina n'tina ta pakhomo. Atabwera ndi khadi ndinamuseka.

"Amayi akowa nambala yachinsinsi aziisunga pati? Manambala amawaona ngati nyerere."

"Ababa, ili si khadi lakale lija," anatero. "Ili n'longogunditsa. Zogula zikakhala zochepa safunsa nambala. Amangoliyandikiza pa kamakina, kalira, basi azipita."

Anatikhazika pansi tonse awiri n'kufotokoza. Anati kamakinako sikamva khadi lili patali, mpaka lichite ngati lakhudza. Anati pa zinthu zodula kamafunsa nambala, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndingawathandize. Sanabise choipa chake: likagwa wina n'kulitola, angathe kugulira tinthu tochepa. "Ndiye likangosowa mundiimbire nthawi yomweyo, tiwauze a banki alitseke." Zonsezi ndinazimva bwinobwino, ndipo ndinafunsa ndi mafunso omwe.

Tsiku loyamba tinapita atatu ku sitolo ya mankhwala ku Limbe. Akazi anga anagwira khadilo ndi manja awiri, ngati mmene amalandirira Ukaristia, n'kuliyandikiza pang'onopang'ono. Kamakina kanalira kuti tii. Anayang'ana ine, kenako mtsikana wa pa kauntala.

"Basi?"

"Basi, amayi. Mwalipira."

Anaseka mpaka kubisa pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kumeneko ndinali nditakumva komaliza tisanachoke kwathu ku Nsanje.

Mwana atabwerera ku Lilongwe, zinthu zinasintha pakhomo. Kale ankati, "Bambo, tipite liti ku Limbe?" Tsopano ankangoti, "Ndapita ku Limbe," mpango ali atamanga kale. Khadi ankalikulunga m'kansalu n'kulisunga pachifuwa. Mankhwala awo ankawadziwa ndi mtundu wa kabokosi, ndipo anafufuza okha masitolo amene ali ndi kamakina kaja. Ankabwera ndi sopo, mafuta ophikira, nthawi zina kabotolo ka yogati kopanda kanthu, atamwera pa siteji podikira minibasi. Tsiku lina anandigulira masokosi, saizi yake yeniyeni, osandifunsa. Kumphakati wa tchalitchi ankawauza azimayi anzawo kuti, "Ine masiku ano ndimangoti tii."

Ine ndinkatsala pakhonde ndi wailesi. Ndikanayenera kukondwa, ndipo wina akafunsa ndinkati ndikukondwa. Koma ndikawaona akutsika kanjira ka kumsewu osacheuka, china chake chinkandiwawa pamtima. Ndinkamva ngati ndabwereranso pageti, kulondera nyumba imene katundu anasamutsa kale.

Masana ena tikusewera bawo kuseri kwa msika, mnzathu wina amene anali dalaivala wa malole anayamba nkhani. Anati ku Joni akuba amayenda ndi timakina m'zikwama, amangokukhudza, ndalama zapita.

"Iwe ku Joni unafikako liti?" anamudula wina. "Suja unabwerera pa Mwanza, lole itaphulika tayala?"

Tonse tinaseka, mwini nkhaniyo n'kuseka nawo. Palibe amene anaiganiziranso. Ine ndekha ndinaitola n'kupita nayo kunyumba.

Ndinawapeza akusankha nyemba pa lichero. Ndinakhala pampando, n'kupumira m'mwamba ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro. Nkhaniyo ndinaichotsa ku Joni n'kuiika m'minibasi za ku Bangwe konkuno. Ndinati anyamatawo amakhala pafupi nawe n'kumakupanikiza ngati akusowa malo, kamakina kali m'chikwama. Ndinapeka mayi wina wa ku Chinyonga amene anatsika minibasi akaunti ili mbee. Akazi anga ankamvetsera, koma manja ankasankhabe nyemba. Ndiye ndinawonjezera mawu amene ndinkadziwa kuti alowa.

"Akuti amasankha amayi achikulire osadziwa kuwerenga. Amadziwa kuti uthenga wa banki ukabwera pa foni, sangauone."

Manja aja anaima.

"Ndiye za mwana zija angatenge zonse?"

"Zonse."

"Iye amagwira ntchito ataimirira tsiku lonse," anatero motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. Anaika lichero pansi, n'kutulutsa kansalu kaja, n'kundipatsa ndi manja awiri. "Sungani ndinu, bambo. Inu mumadziwa zinthu."

Ndinalandira. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Tinabwerera ku zakale. Ku Limbe tinkapita limodzi, pa kauntala ndinkagunditsa ine, iwo ataima pambali akuyang'ana pansi. Yogati sanapemphepo, inenso sindinakumbutse. M'minibasi munthu akawayandikira ankafumbata pachifuwa, pamene panalibenso kanthu. Mwana akaimba n'kufunsa kuti khadi likuyenda bwanji, ankayankha kuti, "Likuyenda bwino, mwananga." Sankafuna kumudetsa nkhawa, komanso ankachita manyazi kuti anayenda nalo mosasamala miyezi yonse ija. Ine ndinkakhala pomwepo, ndikumva.

Chinandigwetsa ulesi ndi zimene zinachitika Lamulungu lina titatuluka Misa. Mayi wina wamasiye wa mumphakati mwathu, amene ana ake anamupezeranso khadi lotere, anabwera kudzandigwira dzanja.

"Abambo, Mulungu akudalitseni. Amayiwa atiuza za akuba a m'minibasi aja. Ine langa ndinalitsekera m'sutikesi, tsopano ndimadikira mpongozi wanga akapeza mpata."

Mayiyo ali ndi matenda a shuga, ndipo mpongozi wakeyo amakhala ku Machinjiri. Ndinamuyankha kuti zikomo.

Loweruka lotsatira ndinakalapa. Ansembe sanachulutse mawu. Anati ndikabweze chimene ndinatenga, ndipo ndikakonze pamene ndinanama. Potuluka ndinkaona ngati andipatsa chilango chopepuka. Kwa mayi wamasiye uja zinayendadi. Ndinamuuza kuti ndafufuzanso, nkhani ija inali ya pa bawo chabe, chofunika n'kusamala kuti khadi lisagwe. Anati, "Eee, azibambo inu ndi bawo wanuyo," n'kukatsegula sutikesi.

Kunyumba ndi kumene kunavuta. Ndinaika kansalu kaja patebulo, pafupi ndi kapu yawo ya tiyi.

"Mayi, nkhani ija ndinawonjezera. Mayi wa ku Chinyonga uja kulibe. Zimene ananena mwana n'zimene zili zoona. Tengani khadi lanu."

Anandiyang'ana, kansalu kaja osakakhudza.

"Mwaona kuti ndikudandaula, ndiye mukufuna kundisangalatsa."

"Ayi. Ndinanama."

"Inu? Munamirenji?"

Ndinayang'ana khoma, ndinayang'ana masokosi aja kumapazi kwanga. "Ndinkafuna kuti muzipita nane," ndinatero.

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Nanga panopa sitikupita limodzi?" Anakankhira kansalu kaja kumbali yanga ndi chala chimodzi. "Kaya n'zoona kaya n'zabodza, bambo, mtima wanga sungakhalenso m'malo m'minibasi. Mawu aja analowa. Komanso pena munanena zoona: uthenga ukabwera, ine ndingauone?"

Sanakwiye. Akanakwiya mwina zikanandipepukira. Kwa zaka zonsezi ndinawazoloweretsa kuti chochokera m'kamwa mwanga chili ngati cholembedwa, ndipo bodza lija linalowera pakhomo lomwelo. Choona chitabwera chinapeza malo atatha.

Sabata yatha mankhwala anatha, tinapitanso ku Limbe. Ndinaganiza kuti pamaso pa kamakina mwina dzanja lawo likumbukira lokha. Mtsikana wa pa kauntala atatchula mtengo, ndinatulutsa khadi n'kuwalozetsa nalo.

"Gunditsani."

Manja anali atawabisa m'chitenje. Anapukusa mutu.

"Ndili pompano, palibe chichitike. Gunditsani."

Mzere unali wautali kumbuyo kwathu. Bambo wina anakuwa, "Madala, mukugula kapena mukufunsira?" Anthu anaseka, mtsikana uja n'kuseka nawo. Akazi anga anandiyandikira, nkhope ili pansi.

"Musandichititse manyazi pagulu, bambo. Fulumirani."

Ndinagunditsa ine.

Munthu amene angawachotse mantha amenewa alipo mmodzi. Mwana wathu akawakhazika pansi monga anachitira poyamba, n'kukwera nawo minibasi kangapo, ndikhulupirira angamumvere, chifukwa iye sanawanamizepo. Koma mpaka lero akudziwa kuti khadi likuyenda bwino. Kuti abwere kudzakonza, ndiyenera kuyamba ndamuuza chimene chinachitika ndi amene anachichita. Adzafunsa chifukwa chake, ndipo iye sadzaseka monga anasekera amayi ake.

Foni ili pano patebulo. Lero wagwira ntchito ya m'mawa, ndiye panopa waweruka. Nambala yake ndaitsegula, ndipo sindinaimbebe.