Chipewa Chimene Ndinawongola

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pansi pa belo la salaula, zovala za kaunjika zija. Munali m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene mafakitale osoka zovala mu Livingstone ankatsekedwa motsatizana, ndipo ine ndinali nditamaliza Giredi 12 ndi satifiketi imene palibe ankafuna kuiona. Ndinazungulira mahotela a ku mathithi a Mosi-oa-Tunya mpaka nsapato zinatha zidendene. Kulikonse yankho linali lakuti ndisiye kalata, adzandiitana. Pomaliza azakhali anga, amene ankagulitsa salaula mumsika wa Maramba, anati ndizikawathandiza kupinda malaya m'malo mokhala pakhomo n'kumakangana ndi amayi.

Belo likatsegulidwa, anthu ankalimbirana majekete ndi mathalauza a jinzi. Pansi penipeni pankatsala zipewa za feliti, kapena kuti visote monga tinkanenera m'tauni, zija za ubweya wa nkhosa wopanikizidwa zimene azibambo akale ankavala ndi suti. Zinkatuluka zitaphwatalala ngati zapondedwa ndi lole, zikununkha mankhwala a njenjete. Palibe ankazikhudza kupatula bambo ena aatali, owonda, otchedwa Ba Mubita. Iwowa anasita zovala pa fakitale zaka zambiri asanachotsedwe ntchito, ndipo tsopano anali ndi kashedi ka malata kuseri kwa msika komwe ankakonzera zipewazo. Tsiku lina akusankha anatsokomola mpaka kugwirira mtengo wa sitandi ya azakhali. Azakhali anawauza kuti fumbi limenelo lidzawapha, kenako analoza ine. Za sukulu Ba Mubita sanandifunse. Anangoyang'ana manja anga n'kunena kuti, "Ubwele mailo. Osazola mafuta ku manja." Mawa lakelo ndinayamba ntchito.

M'kashedimo munali mbaula, ketulo yakuda imene anaipanikiza kukamwa ndi pulayasi kuti nthunzi izituluka mwamphamvu, simbi ya makala, maburashi awiri, sandipepa wosalala, chingwe, ndi zipika zitatu za mtengo wa mukwa zimene osema ziboliboli anawasemera ngati mitu ya anthu, waukulu, wapakati ndi waung'ono. Chipewa chikabwera, choyamba chinali burashi. Umapukuta motsata kumene ubweya wagonera, osabwerera m'mbuyo, mpaka fumbi lonse litachoka. Kenako umamasula riboni n'kupukuta kachikopa ka mkati ndi kansalu konyowa. Zikatero Ba Mubita ankachitenga. Ankachigwira patali ndi ketulo ngati kutalika kwa chikhatho, n'kumachizunguliza pang'onopang'ono mpaka feliti itafewa ngati chitumbuwa chotentha. Ankachikokera pa chipika, kumanga chingwe m'munsi, kenako kusita mbali yotchinga dzuwa ija kupyolera pa nsalu yonyowa. Chouma kwambiri ankachifewetsa ndi nthunzi akuchikanya ndi zala, chofooka ankachiwaza madzi a sitachi pang'ono. Chinkauma pamthunzi. Ukachiika padzuwa chimafota, ndipo chikafota palibenso mutu wa munthu wamkulu umene ungalowemo.

Zonsezi ndikuzifotokoza bwino chifukwa ndinaziona ndi maso miyezi isanu ndi iwiri osazigwira. Gawo langa linali burashi. M'mawa burashi, masana burashi, madzulo ndikupita kwathu ndikuyetsemula zinthu zakuda. Mu Okutobala malata aja ankatentha pamwamba, mbaula ikutentha pansi, ine pakati. Anzanga a kusukulu akadutsa ankandifunsa ngati mayeso onse aja ndinalembera kupesa zipewa za azungu akufa. Ndikapempha kuti ndiyeseko pa ketulo, Ba Mubita sankatembenuka n'komwe.

"Iwe Tamala, nchito yako ni burashi chabe."

Mawu amenewa ankandiwawa kuposa nthunzi. Sankafotokoza chifukwa chake. Munthuyo mawu ankawasunga ngati amachita kugula, ndipo kuyamikira ndiye analibiretu. Tsono ine ndinatenga chipewa china chodyedwa ndi njenjete chimene anataya, n'kumayesera kunyumba Lamlungu pa ketulo ya amayi, mphika wovundikira uli chipika changa. Ndinapsa zala kangapo, amayi anandikalipira za makala, koma ndinaphunzira. Mumtima ndinkadziwa kuti ndikhoza, ndipo ndinkangodikira tsiku loti ndiwaonetse bambo aja.

Lachiwiri lililonse ndinkakwera minibasi kukapereka zipewa zokonzeka kwa ogulitsa ziboliboli ku mathithi. Iwo ankazibaya nthenga ya nkhanga n'kumauza alendo kuti n'za alenje akale, alendo n'kumagula akumwetulira. Lachiwiri lina nditabwerako ndinapeza chipewa chachilendo chitakolowekedwa pa msomali wa pakona. Chinali chotuwa, cha feliti yabwino kwambiri, koma chitapindika moipa. Kutsogolo mbali imodzi kunali dzenje lakuya, mbali ina timaenje tiwiri m'munsi, ndipo malo onsewo anali akuda ndi thukuta la m'manja. Kotchinga dzuwa kunali kutagwera mbali imodzi. Ndinafunsa kuti n'cha ndani.

"Ni cha kasitoma. Azabwela pa Chinayi. Burashi chabe."

Sindinamve chatsopano m'mawu amenewo. Anali omwe aja a tsiku ndi tsiku.

Lachinayi m'mawa Ba Mubita anapita kuchipatala chifukwa cha chifuwa chawo, n'kundisiya ndekha ndi mbaula yoyaka kale. Ndinapukuta chipewa chija ndi burashi monga anandiuzira, koma chinangokhala chopindika choyera. Ndinachiyang'ana, n'kuyang'ana ketulo. Ndinaganiza kuti kasitoma akabwera n'kupeza chipewa chake chikuoneka ngati chatsopano adzayamikira pamaso pa Ba Mubita, ndipo nkhani ya burashi idzathera pomwepo.

Ndinayamba ndi madontho akuda aja. Ndinawapala mopepuka ndi sandipepa mpaka mtundu unafanana. Ndinamasula riboni, n'kuchiika pa nthunzi ndikuchizunguliza, ndipo nditamva kuti chafewa ndinakankha maenje aja ndi chibakera kuchokera mkati. Anavuta. Feliti inkangobwerera m'malo mwake ngati ikukana, moti ndinachita kubwereza kanayi. Kenako ndinachikokera pa chipika chapakati, kumanga chingwe, kusita mbali yogwa ija mpaka inaima chilili. Pamwamba ndinapindapo mzere wowongoka, kutsogolo maenje awiri ofanana ndendende ngati a m'sitolo. Pofika masana chinali chitauma pamthunzi, riboni nditaibwezera. Kunena zoona, pa zipewa zonse zimene ndakonzapo m'moyo wanga n'zochepa zimene zinakongola kuposa chimenecho. Ndinakhala pa mpando ndikuchiyang'ana, mano onse pamtunda. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ba Mubita anafika limodzi ndi kasitomayo, atakumana pa geti la msika. Anali Ba Muleya, mphunzitsi wa ku Dambwa North, bambo ofatsa a zaka ngati makumi anayi. Anandipatsa moni mwaulemu n'kunena kuti abwera kudzatenga chisote cha bambo awo. Ba Mubita anayang'ana pa msomali, panalibe kanthu. Ine ndinathamanga kukachitenga, n'kuchipereka ndi manja awiri.

Ba Muleya anachitembenuza uku ndi uku. "Si ichi, mwana wanga."

"Ni chamene, ba ticha. Nachiongola."

Anayang'ana mkati, pa kachikopa pomwe panali zilembo ziwiri zolembedwa ndi inki. Kenako anayendetsa zala kutsogolo kuja, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza chinthu mumdima. Anakhala pansi pa kampando kanga osapemphedwa.

"Ninakuuza chani, iwe?" anatero Ba Mubita, mawu ali pansi.

"Munakamba ati burashi chabe."

"Manje?"

"Manje mumakamba so pa chisote chilichonse! Nizaziba bwanji kuti ichi ni chinangu?"

Ndinakuwa ndithu, mpaka mayi wogulitsa makala pafupi anasuzumira. Ba Muleya ndi amene anakweza dzanja kuti tisiye. Analankhula osayang'ana aliyense. Bambo awo anagwira ntchito pa makina ocheka matabwa, ndipo makinawo anawadula zala ziwiri za kudzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati. Anali munthu wovulira chipewa aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankachigwira ndi chala chachikulu ndi tiwiri totsala tija, ndipo maenje amene ine ndinawamenya ndi chibakera anali a zala zimenezo. Anamwalira mwezi wapitawo. Loweruka la sabata imeneyo abale onse ankayenera kukumana kumudzi kuti Ba Muleya alowe dzina la bambo awo, ndipo wowaveka chipewacho anali mayi awo, amene maso anali atasiya kuona.

"Bamayo bazachigwila na manja," anatero. "Nanga nizabauza chani?"

Ndinalakalaka nthaka itatseguka. Ndinapepesa, koma mawuwo ngakhale ine ndinamva kuti ndi opepuka. Ba Mubita anawonjezera makala, nadikira ketulo iwire, n'kuika chipewa chija pa nthunzi. Chitafewa anachipereka kwa mwini wake.

"Gwilani mwamene banali kugwilila batata banu. Mwamsanga, chikali chotentha."

Ba Muleya anapinda zala ziwiri m'chikhatho n'kutsina ndi zitatu. Dzanja lawo linali lalikulu, maenje anatuluka patali. Ba Mubita anawongola, anafewetsanso, Ba Muleya anatsinanso. Kachitatu anatseka maso, n'kukweza chipewa kuchokera pamutu ngati akupereka moni kwa munthu amene ife sitinkamuona. Ndinayang'ana kumbali. Maenje anabwera pafupifupi pamalo pake, koma anali osaya, akuthwa m'mbali, oyera. Aja akale anali osalala chifukwa cha kugwiridwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuda kwake ndinali nditakupala ndi sandipepa. Ba Mubita anati kuchiikanso pa nthunzi kachinayi feliti iyamba kufota.

Ba Muleya anatulutsa pepala la pulasitiki m'thumba, n'kuikamo chipewacho. Ali pakhomo anatembenuka. "Usalile, mwana wanga. Unafuna kuchita bwino." Akananditukwana bwenzi zitandipepukira.

Atapita, ndinayamba kusonkhanitsa zinthu zanga, poganiza kuti ntchito yatha. Ba Mubita anayang'ana chipika chimene ndinagwiritsa ntchito. Kenako anafunsa kuti ndinaphunzira kuti. Nditawauza za mphika wa amayi, anangogwedeza mutu.

"Unachiongola bwino maningi. Ndiye vuto yamene iyo."

Miyezi isanu ndi iwiri ndinadikira kuti andiyamikire, ndipo anasankha tsiku limenelo. Sanandichotse. Lolemba lotsatira anandipatsa ketulo, koma pa zipewa za m'belo zokha, zopanda eni ake. Cha kasitomala sindinachigwire mpaka chaka chinatha.

Mpaka lero ndikadali ndi kamkwiyo ndi Ba Mubita, ngakhale anapita kale. Nkhani ya zala zija ankaidziwa kuyambira Lachiwiri. Chiganizo chimodzi chokha chikanakwanira, koma iwo ankaona kuti wantchito safunika kuuzidwa chifukwa. Nditadandaula zimenezi kwa azakhali, anandiyankha kuti safunsa anadya phula, ndipo sankanama, chifukwa nanenso ndinafunsa kuti chipewacho n'cha ndani koma sindinafunse kuti chinapindika bwanji. Ndinali nditaweruza kale kuti chawonongeka.

Ndinakhala pa ntchito imeneyi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zimene ndinatengapo n'zosavuta kunena. Chipewa cha m'belo umachiwongola mmene ukufunira. Chimene munthu wabwera nacho m'manja umachiika patebulo, n'kumufunsa kuti akulozere pamene sakufuna kuti ugwire, ndipo ketulo suyiyatsa asanayankhe. Ambiri ankaseka funsolo n'kunena kuti palibe. Koma ena ankaloza dontho kapena kopindika kumene ine ndikanayambira kukonza.

Zimene zinachitika kumudzi Loweruka lija sindinazimve, ndipo ndinalibe mtima wofunsa. Livingstone ndi tauni yaing'ono, moti Ba Muleya ndinkakumana nawo kawirikawiri, pa siteji ya minibasi kapena akuchokera kusukulu masana dzuwa likuswa mtengo. Nthawi zonse ankandipatsa moni ndi dzina langa, n'kufunsa za Ba Mubita. Ine maso ankathamangira kumutu kwawo. Zaka zonsezo sindinawaonepo atavala chipewa.